Misinkhu Itatu ya Moyo wa Uzimu: Kuunikanso Buku la Garrigou-Lagrange

Pali buku limene ansembe a mibadwo yapitayi ankalidziwa ngati njira ya kwawo, koma ambiri a ife lero timangolimvera dzina. Bukulo ndi Les trois âges de la vie intérieure, ndiye kuti misinkhu itatu ya moyo wa m'kati mwa mtima, ndipo linatuluka m'zigawo ziwiri m'zaka za 1938 ndi 1939. Mlembi wake, Bambo Réginald Garrigou-Lagrange, anali wansembe wa chipani cha Adominikani wochokera ku France. Anaphunzitsa ku Angelicum, mumzinda wa Roma, kwa zaka pafupifupi 50, ndipo mu 1948 anayang'anira maphunziro apamwamba a Karol Wojtyła, amene pambuyo pake anakhala Papa. Anamwalira mu 1964. Funso lathu ndi ili: kodi bukuli likadali ndi mawu kwa ife, nanga lifunika kuliwongola pati?

Msana wa buku lonse ndi chiphunzitso cha Thomas Aquinas woyera, amene pofotokoza za kukula kwa chikondi anagawa akhristu patatu, oyamba kumene, opita m'tsogolo ndi angwiro, nafanizira zimenezi ndi kukula kwa thupi. Garrigou-Lagrange akuonjezapo kuti munthu sachoka pa msinkhu wina kupita pa wina mwa chizolowezi chabe. Pakati pake pali mpata wopapatiza, umene iye akuutcha kutembenuka mtima kwachiwiri ndi kwachitatu. Petulo anaitanidwa m'mbali mwa nyanja, nasiya makoka ake. Koma anayenera kulira misozi yowawa atakana Ambuye ake, kenaka kulandira Mzimu Woyera pa Pentekoste. Mipata iwiriyi mlembi akuilumikiza ndi mitundu iwiri ya usiku imene anaifotokoza Juan de la Cruz, amene timamutcha Yohane wa Mtanda: usiku umene Mulungu amachotsa kukoma kwa mapemphero, ndi usiku wina wozama umene amatsuka mzimu weniweniwo.

Mphamvu yoyamba ya bukuli ndi yakuti likukana kugawa akhristu m'magulu awiri, ochepa oitanidwa ku chiyero ndi ambiri ongoyenera kupewa machimo aakulu. Moyo wozama wa pemphero, likutero, ndiwo mathero oyenera a chaulere cha ubatizo. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano unaphunzitsa mu 1964, m'mutu wachisanu wa Lumen Gentium, kuti onse obatizidwa aitanidwa ku chiyero, ndipo bukuli ndi limodzi mwa amene analambula njirayo.

Mphamvu yachiwiri itikhudza ife ansembe pamtima. Mlembi akunena za mizimu yopinimbira, imene inasiya ubwana koma siinafike pa ukulu, chifukwa chonyozera zinthu zazing'ono, kukana nsembe zimene Mulungu akupempha, ndi kuzolowera kunyodola anzawo ofuna kuchita bwino. Tiyenera kuvomera kuti tsiku lodzozedwa lingathe kusanduka tsiku limene munthu analeka kukula. Misa ikuchitika, masakramenti akuperekedwa, maulaliki a zaka khumi zapitazo akubwerezedwa, koma mwini wakeyo anaima kalekale. Mlembi akutikumbutsa kuti mwala ukamagwa, liwiro lake limanka likula poyandikira pansi. Momwemonso mzimu poyandikira kwa Mulungu.

Komabe pali malo atatu pamene sitingatsate mlembi titatseka maso. Poyamba, kuwerenga misinkhu kumapatsa munthu chiyeso chodziyeza yekha. Mseminale angayambe kufunsa kuti, kodi ine ndafika pati? Funso lotere limabweza maso kwa mwini, pamene kukula kwenikweni kumawachotsako. Ndiponso miyoyo ya oyera siyenda mwa ndondomeko yomweyo nthawi zonse. Thérèse wa ku Lisieux analowa mumdima wa chikhulupiriro m'nyengo ya Pasaka ya 1896, nakhalamo mpaka imfa yake mu 1897, ali ndi zaka 24. Makalata a Mayi Teresa a ku Calcutta, amene anasindikizidwa mu 2007, anaonetsa mdima wa zaka makumi angapo. Mlangizi wodalira mapu okha angathe kusokeretsa mizimu yotere.

Kachiwiri, ngakhale mlembi sanaiwale chikondi cha kwa mnzathu, munthu amene ali m'maganizo mwake ndi uja wokhala m'nyumba ya chipani, wokhala ndi belu, nthawi yachete ndi mlangizi pafupi. Mayi wa ana asanu ndi mmodzi, kapena wansembe wothamangira nthambi za parishi, ayenera kudzimasulira yekha. Usiku wa anthu otere kawirikawiri umabwera kudzera m'maliro, m'ukwati wovuta, kapena mwa mnzawo wa m'nyumba imodzi amene sagwirizana naye.

Kachitatu, mawu akuti wangwiro angamveke ngati ulendo watha. Mlembi sakutanthauza zimenezo, koma Gregory wa ku Nyssa, m'buku lake la moyo wa Mose, anaunika bwino koposa: popeza Mulungu alibe malire, ungwiro wa munthu ndiwo kusaleka kukula. Pano chilankhulo chathu chitichenjezanso. Mawu akuti kukhwima amanena za chimanga chofika pokolola, komanso za munthu wodzitchinjiriza ndi mankhwala kuti kanthu kasamulowe. Pali ansembe ena okhwima mwa njira yachiwiriyi: chidzudzulo sichiwalowa, chisoni cha mkhristu sichiwalowa, ngakhale Mawu amene akulalika sawalowa. Petulo anakula tsiku limene analasidwa mumtima.

Chigamulo chathu ndi ichi. Bukuli lisaperekedwe kwa oyamba kumene kuti adziyezere msinkhu. Liwerengedwe ndi alangizi a moyo wa uzimu, ndiponso ndi ife amene tafika pakati pa moyo, pamene changu cha unyamata chazilala ndipo pemphero lauma. Kuumako mwina ndi ulesi, mwina ndi kuitana kwachiwiri kwa Mulungu, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kufuna kudekha ndi mlangizi woona mtima. Wansembe amene alibe womuululira za mumtima mwake ayambe pomwepo, asanatsegule n'komwe bukuli.