Khoma la Luis Barragán

Munthu wodutsa m'dera la Tacubaya, mu mzinda wa Mexico City, sangaganize kuti kuseri kwa khoma lina lotuwa kuli nyumba imene a UNESCO adaiika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2004. Adaimanga Luis Barragán mu 1948, nakhalamo kufikira imfa yake mu 1988.

Barragán adali Mkatolika wopemphera, ndipo nyumbayo imachitira umboni. M'chipinda chochezera muli zenera lalikulu loyang'ana kumunda, ndipo zitsulo ziwiri zogawa galasilo zimapingasana ngati mtanda. Kuseri kwake mitengo adaileka kuti ikule mwa kufuna kwake, kotero kuti wokhala m'katimo amaona tchire ndi mtanda nthawi imodzi. Apa ndipo pagona luso lake. Ena amamanga nyumba, pambuyo pake nagula zithunzi zopachika. Iye adasandutsa khoma lenilenilo kukhala chithunzi, nalipaka utoto wofiirira kapena wachikasu, mitundu imene bwenzi lake, mmisiri wojambula Chucho Reyes, adamthandiza kusankha. Dzuwa likamapendeka, utotowo umasintha, ndipo chipinda cha m'mawa sichifanana ndi cha madzulo.

Nthaka nayo adaimvera. Ku El Pedregal, kumene phiri la moto la Xitle lidasanza miyala yakuda kalekale, anthu ankati ndi malo a njoka okhaokha. Barragán m'zaka za m'ma 1940 adakonza minda ndi malo a nyumba pakati pa miyalayo osaifafaniza. Atakalamba, mu 1976, adamanga nyumba ya Gilardi mozungulira mtengo umodzi wa jakaranda, wonga ija imayala maluwa m'misewu ya kwathu kuno nyengo yotentha, poti sadafune kuti udulidwe.

Komabe ine mtima sukhala pansi. Nyumba zimenezi zimafulatira msewu. Ngakhale padenga, pamene munthu akadaona anansi ake, Barragán adakweza makoma kuti pangooneka thambo lokha. Kwa amonke zotere n'zoyenera, ndipo kachalichi kamene adamangira masisitere a Chikapuchini ku Tlalpan sindikapezera chifukwa. Koma banja si nyumba ya amonke. Ife amene tidakulira pakhonde, pamene wapaulendo amati odi napatsidwa mpando ndi madzi, tiyenera kufunsa: kodi mlendo wosaitanidwa akhala pati m'nyumba yokongolayi?

Ndipo El Pedregal yemweyo adasanduka mudzi wa anthu olemera. Malo adagawidwa tizigawo, minda yambiri idaphwasulidwa, ndipo miyala imene iye adailemekeza yambiri idakwiriridwa ndi simenti. Mphoto ya Pritzker, imene adalandira mu 1980, idampeza zambiri za kumeneko zitasintha kale.