Luso la Kuyeza Mlingo wa Digoxin

Pakati pa asing'anga oyenera kutchulidwa ndi ulemu sitingathe kusiya William Withering wa ku Birmingham, amene m'chaka cha 1775, atamva za msanganizo wa zitsamba umene nkhalamba ina ya ku Shropshire inkachiritsa nawo otupa miyendo ndi mimba, anazindikira kuti mphamvu yonse inali m'masamba a duwa la foxglove. Koma popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, anakhala zaka 10 akuyanika masambawo, kuwapera ndi kuwayeza, kufikira mu 1785 pamene anatulutsa buku lake, osabisamo ngakhale odwala amene sanachire. Ndipo ichi ndicho ndichiyesa ulemerero wake.

Digoxin, amene Sydney Smith anamtulutsa mu 1930 kuchokera ku mtundu wina wa duwalo, achepetsa liwiro la mtima wolefuka kuti ugunde mwamphamvu. Komatu mlingo ukapyola pang'ono, wodwala asanza, naona zinthu zonse zachikasu. Chifukwa chake namwino wodziwa ntchito, asanapereke piritsi, ayamba wawerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, ndipo kukachepera pa 60, aliika pambali naitana dokotala.