Asanadule chitenje

Telala wodziwa ntchito yake sathamangira sizasi. Mayi akam'patsa chitenje pamsika wa Lundazi, iye amayamba wachitambasula pathebulo n'kuchiyang'anitsitsa, mwini wake ali chilili. Apo ndiye kuti akuwerenga maluwa. Chitenje chilichonse chili ndi chithunzi chimene chimabwerezedwa, kaya ndi nkhanga, kaya mphika, kaya masamba opotana, ndipo iye afuna adziwe pamene chithunzicho chayambira, pamene chathera, ndi mainchesi amene akudutsa chisanabwerenso. Diresi limakongola kapena kuonongeka pa nthawi imeneyi, makina asanalire n'komwe.

Taonani zimene akulimbana nazo. Duwa lalikulu liyenera kukhala pakati penipeni pa chifuwa, osapendekera kukhwapa. Kumbuyo, kumene kudzadutse zipi, nsalu imagawidwa pawiri, ndipo theka la duwa la kumanzere liyenera kukumana ndi theka la kumanja mwakuti zipi ikatsekedwa duwalo likhale lathunthu. Manja awiri afanane. Mbalame zisayang'ane pansi. M'mphepete mwa chitenje, mmene fakitale inalemba dzina lake, mubisike m'kati mwa msoko. Zonsezi zimadya nsalu, koma nsaluyo ndi yoyezedwa kale: chitenje chimodzi ndi mamita awiri, ndipo mayi amene wagula ziwiri kapena zitatu akuyembekeza bulauzi, siketi, duku, mwinanso kansalu kotsala koti asokere mwana. Telala wosadziwa amadula mmene nsalu yagonera kuti isathe, n'kutulutsa mphika wodulidwa pakamwa. Katswiri amasuntha zidutswa zake, kujambula ndi choko, kufufuta, kujambulanso, mpaka maluwa akumane ndipo duku lipezeke. Ine ndimaona kuti luso lalikulu la ntchitoyi lili apa, ngakhale kuti palibe kasitomala amene amalipirira padera.

Chitenje sichitanuka. Malaya ambiri a masiku ano amatsatira thupi okha chifukwa ulusi wake umakokeka, koma thonje lolukidwa limakana. Kuti nsalu yosalala igwire thupi la munthu, pamafunika madati, timisoko topinda timene timachotsa nsalu m'chiuno n'kuisiya pachifuwa ndi m'mbali. Dati likathera pamwamba kwambiri, bulauzi imakwinyika, likatsika, imalendewera. Ndipo muyeso wake umatengedwa mwaulemu. Telala wamwamuna poyeza mkazi wa mwini amagwira tepi ndi nsonga za zala, nthawi zina amapempha mayi wina kuti azunguze tepiyo, kapena amangoti, "Amayi, mubweretse diresi limene limakukwanani bwino." Akatha amasiya nsalu yapadera m'kati mwa misoko ya m'mbali, inchi imodzi kapena ziwiri. Akudziwa kuti thupi la mayiyo lidzasintha, kudzabwera pakati, kudzabwera kuyamwitsa, ndipo chovalacho chidzabweranso pakhonde pomwe iye amasokera kuti chimasulidwe.

Ntchito imeneyi si yakale monga ena amaganizira. Agogo a agogo athu kuno ankavala nyanda, khungwa la mtengo wa mombo losasanthidwa mpaka kufewa, ndi zikopa, ndipo kukongola kunali m'mikanda ndi m'mphini. Amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere anabweretsa merikani ndi kaniki, nsalu zomangira m'khwapa zosafuna singano. Kusoka kunalowa ndi amishoni, monga a Livingstonia amene anakhazikika ku Chasefu, komanso ndi amuna opita kukagwira ntchito kumigodi ya Copperbelt, ku Salisbury ndi ku Johannesburg, amene pobwera ankanyamula madiresi, ena makina a Singer. Yunifolomu ya amayi a mpingo a gulu la Umanyano, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, ndi mwana wa nyengo imeneyo, ndipo sinasinthe kwenikweni pamene zina zonse zinkasintha.

Zambia atalandira ufulu mu 1964, chitenje chinakhala chovala chonyadira nacho. Boma linakhazikitsa fakitale ya nsalu ku Kafue, kenako ya Mulungushi ku Kabwe mothandizidwa ndi dziko la China. Panthawi yomweyo atsikana a m'matauni anakopeka ndi masiketi aafupi, ndipo mkangano wake unali waukulu. Kutsidya kwa malire a Lusuntha, ku Malawi, zinafika pokhala lamulo: mu 1973 boma la Kamuzu Banda linaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yosaphimba mawondo, ndipo lamulolo linakhala mpaka ndale za zipani zambiri zitabwera. Mayi wa ku Lundazi wopita kumaliro kwa abale ku Mzimba ankayenda ndi chitenje m'chikwama. Amayendabe nacho lero, popanda wapolisi wom'kakamiza, chifukwa pamaso pa apongozi kapena pamaliro thalauza limaphimbidwa.

Kenako kunabwera manja otukumuka. Sitayelo imeneyi inatsika kuchokera ku Zaire ndi kumadzulo kwa Africa, ndipo inafuna luso latsopano: kusonkhanitsa nsalu paphewa ndi timakwinya tofanana, n'kuikamo sitifu m'kati kuti dzanja liime lokha ngakhale litachapidwa. Amene anaphunzira izi m'zaka za m'ma 1980 mumawadziwa ndi mmene amagawira makwinya ndi chala chachikulu, osayeza.

Boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991, mabelo a salaula, amene ku Malawi amati kaunjika, anasefukira m'misika. Mafakitale a nsalu anafooka, ndipo ya Mulungushi inatseka mu 2007. N'zowawa kuganiza kuti Lundazi ndi dera la alimi a thonje, koma zitenje zambiri zimene zikugulitsidwa pabomapa zalukidwa kunja. Ambiri ankati telala watha. Sanathe. Diresi losokedwera mkazi wa ku London silikwana mkazi wa kwa Mwase popanda kulichepetsa, kulitalikitsa kapena kulitseka pakhosi, ndipo ntchito yonseyo inagwera munthu yemweyo wa pakhonde. Pomasula zovala zimenezo anaonanso mmene anzake a kutali amaikira layini, mmene amabisira zipi, mmene amadulira kolala. Zimene anaona m'belo anazilowetsa m'chitenje.

Lero chithunzi cha pakhoma chimene amayi ankalozapo sitayelo chalowedwa m'malo ndi foni. Mtsikana amatambasula dzanja kuonetsa diresi limene waliona pa Facebook kapena m'filimu ya ku Nigeria: siketi yothina m'mawondo n'kutambasuka pansi, bulauzi ya kamchira kovina m'chiuno, ngakhale jekete ndi thalauza la chitenje, chinthu chimene amayi ake sakanalota. Chithunzicho chimangoonetsa kutsogolo. Kumbuyo kwake, kuchuluka kwa zidutswa, ndi pamene misoko ikudutsa, telala amazipeza m'mutu mwake, popanda pepala la patani.

Mukafuna kum'yesa, pitani masabata oyandikira pa 8 Marichi, tsiku la amayi, pamene aphunzitsi, anamwino ndi magulu a mpingo amagula chitenje chimodzimodzi kuti akagube atafanana, kapena mu Ogasiti anthu akukonzekera ulendo wa ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Nsalu ndi imodzi, koma palibe mayi amene afuna kufanana ndi mnzake pakhosi ndi m'manja. Magetsi akathima sizim'khudza telalayo, pakuti makina ake ndi opalasa ndi mapazi ndipo simbi yake ndi ya makala. Msoko uliwonse amautsegula n'kuusita asanasoke wotsatira, ndipo amayamba wayesa simbiyo pa kansalu kotsala, kuopa kuti phulusa lingadetse diresi la mayi amene akubwera kudzalitenga mawa m'mamawa.