Kodi Sukulu ya Ukachenjede Ifunikabe?

Pa Kaliyeka ndi ku Kawale kwamveka mawu akuti sukulu ya ukachenjede yatha ntchito. Onena mawuwa si anthu opepera ayi. Iwo aona mnyamata wa digiri ali kugulitsa mayunitsi m'mbali mwa msewu, pamene mnzake amene anaphunzira ukalipentala kwa amalume ake wafolera kale nyumba ndi malata. Aonanso kuti lamya ya m'manja iyankha mafunso popanda fizi. Tsono afunsa kuti, “Nanga ndalama zonsezo zitayikirenji?”

Mbiri ya mabuku a Chichewa iwachitira umboni anthu amenewa. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa buku lake la Nthondo m'chaka cha 1933, zaka 32 University of Malawi isanayambe kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965. Chichewa chake sichinadikire digiri. Ndiponso yunivesiteyo itafika inasankha Chingerezi, kotero kuti mayi wa ku Mgona amene anaphunzitsa mwana wake ndi ndalama za mandasi sangawerenge ngakhale tsamba limodzi la zimene mwanayo analemba kumeneko. Mlandu umenewu ngwoona, ndipo sunaweruzidwebe.

Komabe mawu a pa Kaliyeka aphonya penapake, pakuti ayesa sukulu ndi malipiro a munthu mmodzi. Zilipo ntchito zimene munthu mmodzi sangazithe, zimenenso msika sungazilipire. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene Centre for Language Studies ya yunivesite ku Zomba inatulutsa mu 2000, umamasulira mawu a chinenerochi m'chinenero chomwecho, osabwereka Chingerezi. Buku lotere lifuna anthu olipidwa kuti akhale pansi zaka zingapo, kutola mawu, kutsutsana za matanthauzo, ndi kusunga zolemba zawo kuti odza pambuyo akonze zolakwa. Ngakhale Ntara yemwe sanali yekha: bungwe la akatswiri a zinenero za mu Afirika la ku London ndilo linapatsa Nthondo mphotho, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934.

Lamya nayo ingobweza zimene wina analemba kale. Nkhokwe yake ya Chingerezi njodzaza, koma m'ya Chichewa muli zitsononkho zokhazokha. Wophunzira uphunzitsi wa ku Area 25 akafuna kufotokozera ana kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa m'mawu olongosoka, ayenera kufunsa agogo ake, kapena kutsegula buku la ku Zomba lija. Ndipo agogo ambiri anatsala kumudzi.