KUTCHA MWANA WAMKAZI DZINA: KUTCHUKA KWA DZINA NDI KALEMBEDWE KAKE

M'nyengo yokolola ndidapita ku Champhira, kummwera kwa boma la Mzimba, kukaona mwana wamkazi amene adabadwa kwa mlamu wanga. Ndidafika mchombo utagwa kale, mayi ndi khanda atatuluka m'chikuta, koma dzina lisanakhazikike. Agogo a mwanayo, amake a bambo, adali atanena kuti akhale Tawonga. Mayi wa mwana sadakane poyera, pakuti mtengwa satsutsana ndi apongozi ake pabwalo, koma adandinong'oneza kuti a Tawonga achuluka, ndipo kusikelo namwino akaitana dzinali amanyamuka amayi angapo nthawi imodzi. Iye ankafuna dzina losowa. Ngati zimenezo n'zosatheka, ankati bola alilembe mwamtundu wina, Taongah, kuti mwana wake asiyaneko ndi anzake.

Nkhaniyi ndi ya banja limodzi, koma ikukhudza tonse amene ntchito yathu ili pa malembo: mphunzitsi amene amalemba kaundula wa kalasi, mkonzi amene amadutsitsa mayina a anthu m'nyuzipepala, ndi mlembi amene amatcha mayina atsikana a m'nthano zake. Maganizo anga ndi akuti kutchuka si muyeso woyenera wa dzina, kaya polisankha kaya polithawa, ndipo kupotoza kalembedwe pofuna kuthawa kutchuka ndi mankhwala oopsa kuposa matenda.

Dzina ndi chiganizo

Champhira ndi malo abwino ophunzirirapo nkhaniyi chifukwa zinenero zimakumanirana pamenepo. Chinenero cha tsiku ndi tsiku ndi Chitumbuka. Kummwera, pamsewu wa M1, mukangodutsa Jenda mwayandikira Achewa a ku Kasungu, ndipo kumadzulo kuli Lundazi, m'dziko la Zambia. Mafumu akuluakulu ambiri a m'bomali ndi Angoni, zidzukulu za anthu amene adawoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835. Chingoni chidazilala pakamwa pa anthu ambiri, koma chidatsalira m'ziwongo, m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina.

Tikaliphwanya dzina la Tawonga tipeza zigawo ziwiri: ta-, amene akuimira ife m'nthawi yangothayi, ndi tsinde la mneni -wonga. Tsono dzinali ndi chiganizo chathunthu chokhala ndi mwininkhani ndi mneni wake. Mchewa akafuna kunena zomwezo amati Tayamika kapena Tathokoza, Mngoni amati Sibongile. Mayina ena amayendanso awiriawiri chotere: Lusungu ndi Chifundo, Vitumbiko ndi Madalitso, Uchizi ndi Chisomo, Chawanangwa ndi Mphatso, Temwa ndi Thandiwe pambali pa Chikondi, Tiwonge ndi Tiyamike. Chimwemwe ndi wa zinenero zonse ziwiri.

Tiyeneranso kuzindikira kuti mayina ambiri a Chichewa ndi Chitumbuka sasankha mwamuna kapena mkazi. Chikondi, Mphatso, Wezi ndi Lusungu angakhale anyamata kapena atsikana. Chingoni ndicho chili ndi zizindikiro zoonekeratu za dzina lachikazi, monga No- wa mu Nomsa ndi Lo- wa mu Lomathinda. Choncho amene akufunafuna “dzina la mtsikana” m'Chichewa, kwenikweni akufunafuna mawu amene banja likufuna kunena pa kubadwa kwa mtsikanayo.

Ngati dzina ndi chiganizo, ndiye kuti kuchuluka kwa a Tawonga kukungotanthauza kuti mabanja ambiri ali ndi chifukwa chothokozera. Palibe amene amaleka kunena kuti zikomo poti mnzake wanena kale. Kale mayina amene ankamveka kwambiri adali a chisoni: Suzgo, Masuzgo, Mavuto, Maliro. Mayi Rose Chibambo, amene adabadwira ku Kafukule m'boma lomweli m'chaka cha 1928, natsogolera amayi polimbana ndi chitaganya, ndipo nkhope yawo idaikidwa pa ndalama ya K200 m'chaka cha 2012, adali ndi dzina la Chingoni lakuti Lomathinda, lonena za manda. Mayina otere ankatuluka m'nyumba zimene zidaika ana ambiri m'nthaka. Kafukufuku wa boma wa za umoyo adapeza kuti m'chaka cha 1992 ana 234 mwa ana 1,000 aliwonse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pamene pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 63. Ine ndikuona kuti kusintha kumeneku, pamodzi ndi chiphunzitso cha mipingo chimene sichikondwera ndi mayina odandaula, ndiko kwachulukitsa mayina oyamika. Kutchuka kwa Tawonga ndi mbiri yabwino ya dziko, si umphawi wa nzeru ayi.

Pamene mayi uja adalondola

Komabe tisamuweruze msanga mayi wa mwana uja. Nkhawa yake ili ndi maziko amene agogo sadawaone. M'masiku a agogowo dzina la paubwana lidali ngati chovala cha paubwana. Mtsikana akakula ku Mzimba ankatchedwa ndi chiwongo cha bambo wake: NyaJere, NyaMoyo, NyaTembo. Kwa Achewa ankakhala Nabanda kapena Naphiri, ndipo kuchinamwali ankalandira dzina latsopano. Akabereka ankasanduka anyina auje kapena make uje. Dzina loyamba likadatchuka chotani, silikadamuvutitsa, poti sankayenda nalo moyo wake wonse.

Lero zinthu zidatembenuka. Dzina limene lalembedwa m'buku la kusikelo ndi lomwelo limalowa m'kaundula wa Sitandade 1, kenaka pa satifiketi ya MANEB, mpaka pa chiphaso cha unzika. Lamulo la kalembera wa mtundu la chaka cha 2010 lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo lidakakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba nzika m'dziko lonse. Onjezanipo kuti ziwongo zathu n'zowerengeka. M'kalasi imodzi mukhoza kukhala a Tawonga Banda awiri, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa chisokonezo chimene chimabwera pogawa malikisi. Apa ndipo kutchuka kwa dzina kuli ndi kulemera kwake, ndipo kholo lanzeru liyenera kukuganizira.

Koma njira yothetsera vutoli ilipo kale pakati pathu, ndiyo dzina lachiwiri. Mamishoni, monga wa Loudon ku Embangweni umene udatsegulidwa mu 1902 ndi wa Akatolika ku Katete, kufupi ndi Champhira, adazoloweretsa anthu kukhala ndi dzina la ubatizo pambali pa dzina la kumudzi. Ngakhale mwambo weniweniwo umalola kuti agogo atche lawo, azakhali a mwana atchenso lawo. Mayina awiri olembedwa bwino amasiyanitsa mwana ndi anzake koposa dzina limodzi lopotozedwa.

Kupotoza kalembedwe

Tsopano tione chimene chimachitika kholo likasankha njira ya Taongah. Poyamba lembo la w lachotsedwa, tsinde la -wonga lawonongeka, ndipo wowerenga sangaonenso mneni amene ali m'dzinamo. Kachiwiri kumapeto kwaikidwa h wopanda ntchito. Mawu a Chichewa ndi Chitumbuka amathera pa lembo la liwu, ndipo h ali ndi ntchito yake yodziwika, yosonyeza mpweya wotuluka pa p, t ndi k. Ndi h amene amasiyanitsa kupala ndi phala, kapena kutumba ndi thumba. Kholo limene likuwonjezera h pamene safunika, mawa lidzamuchotsa pamene afunika, ndipo tidzaona Mpatso, Toko, Kumbo ndi Tandiwe.

Chimodzimodzi Wezi wasanduka Wezzie, Chikondi wasanduka Chikondie, Mwayi wataya y wake. Malembo apawiri ndi -ie wa kumapeto ndi zovala zobwereka ku Chingerezi. Zimaoneka zokongola pa keke ya tsiku lobadwa, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kalaliki amene akumva dzinalo ndi khutu adzalemba Wezi, wina Wezie, wina Wezzy. Mtsikanayo pofika Fomu 4 adzapeza kuti satifiketi yake ikunena china, chiphaso chikunena china, ndipo kukonza zimenezi kudzamudyera ndalama zoyendera ndi masiku ambiri. Choseketsa n'chakuti kalembedwe kothawira kutchuka nako kamatchuka. Wezzie salinso wosowa.

Pali dzina lina limene likutiphunzitsa kuopsa kotola dzina chifukwa chongomveka bwino, ndilo Tamara. M'Baibulo muli mkazi wa dzina limeneli, ndipo kumaiko a Azungu lilikonso. Koma m'Chitumbuka tamara, kapena tamala, ndi chiganizo chotanthauza kuti tatha, dzina limene linkaperekedwa pamudzi pamene pagwa maliro otsatizana. Mayi wa m'tauni akhoza kulisankha poganiza kuti ndi lachizungu, agogo ku Champhira n'kumadabwa kuti kodi watha ndani. Dzinalo si loipa, koma wolipereka adziwe chimene akunena kwa anthu a mbali zonse ziwiri.

Cholakwa cha ife eni malembo

Kudzudzula makolo okha kungakhale kukondera. Nafenso aphunzitsi ndi akonzi tili ndi mlandu wathu, ndiwo wokonza mayina amene sadalakwike. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, Bungwe la Chichewa lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwaunikanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulowo ndi a mawu a Chichewa. Sadapangidwe kuti azilamulira mayina a Chitumbuka kapena Chingoni. Komabe mphunzitsi wochokera m'chigawo chapakati akafika ku Mzimba, poona zg amene m'Chichewa mulibe, amalemba Suzigo m'malo mwa Suzgo. Wina, pokumbukira lamulo lakuti r amabwera pambuyo pa e ndi i, amasintha Towela kukhala Towera, osafunsa kuti makolo adalembetsa chiyani. Winanso amachotsa b mu Mabvuto poti kalembedwe ka lero kamati mavuto, kuiwala kuti mwini dzinalo ali nalo chotero pa zikalata zake zonse.

Apa pangaoneke ngati ndikudzitsutsa, pakuti ndadzudzula Wezzie koma ndikuteteza Mabvuto. Kusiyana kwake kuli pa nthawi. Dzina lisanalembetsedwe, mphunzitsi, mbusa kapena wachibale wophunzira ali ndi udindo wolangiza kholo za kalembedwe koyenera m'chinenero chimene dzinalo lachokera. Dzina likalembetsedwa, lasanduka chuma cha mwiniwake, ndipo ntchito yathu ndi kulikopera lembo ndi lembo, ngakhale litatinyansa. Mkonzi amene asintha Wezzie kukhala Wezi m'nkhani yonena za munthu weniweni wanena za munthu wina.

Pa mayina a chiwongo napo pafunika kusamala. M'nyuzipepala imodzi mumapezeka Nya Jere, Nyajere ndi NyaJere. Nya- sangaime payekha, monga momwe Na- wa mu Nabanda sangaimire payekha, choncho kumulekanitsa ndi chiwongo n'kulakwa. Mwa njira ziwiri zotsalazo ine ndimakonda NyaJere, poti chiwongo chimaoneka ndi lembo lake lalikulu. Chofunika n'chakuti mkonzi asankhe njira imodzi ndi kuitsata kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Alembi a nthano ndi a mabuku a sukulu nawonso adzifunse. Iwo ndiwo akapolo oyamba a dzina lotchuka. Mtsikana wa m'nthano zathu, kaya nthanoyo ikuchitikira ku Nsanje kaya ku Embangweni, amakhala Chikondi kapena Chisomo, ngati kuti nkhokwe ya mayina idapsa. Mlembi wosamala amadziwa kuti dzina limanena kwawo kwa munthu, msinkhu wake ndi zimene zidachitika pamudzi pobadwa iye. Gogo wa m'nthano ya ku Mzimba angakhale Suzgo, mwana wake Lusungu, mdzukulu wake Lindiwe, poti bambo wa mdzukuluyo adakagwira ntchito ku Johannesburg monga amachitira amuna ambiri a m'bomali. Mibadwo itatu yafotokozedwa ndi mayina atatu, popanda ndime yofotokozera. Ndipo ana amene amawerenga mabuku athu lero ndiwo adzatche ana awo mayina mawa; chimene sadachione cholembedwa bwino sangachilembe bwino.

Mafunso oyenera kufunsa

Wobwera kudzapempha nzeru pa dzina la mwana wake wamkazi tisayambe kumufunsa kuti dzinalo ali nalo ndi angati. Timufunse kuti banja likufuna kunena chiyani pa mwanayu. Timufunse kuti dzinalo likutanthauzanji m'zinenero zonse zimene mwanayo adzakuliremo. Timufunse ngati kalaliki wongolimva ndi khutu angalilembe molondola. Timufunsenso ngati lidzamuyenere mwanayo akadzakhala mayi wa zaka 50, pakuti masiku ano sadzalivula. Funso la kutchuka libwere pomalizira, ndipo yankho lake likhale dzina lachiwiri.

Ku Champhira kuja nkhani idatha ndi azakhali a mwana, amene kumeneko amawatcha ankhazi. Iwo adati mawu a agogo sangagwe pansi, koma nawonso ali ndi lawo loti anene, pakuti mwanayu adamudikira zaka zisanu ndi chimodzi. Adamutcha Lindiwe, kutanthauza wodikiridwa, dzina la Chingoni limene Mchewa amalimva msanga poti naye ali ndi mneni kulinda. Mayi adavomera. Pepala lokalembetsera mwana adandipatsa ine kuti ndilembe, ndipo ndisanalibweze ndidawawerengera mayina onse awiri mokweza, lembo ndi lembo.