Mabuku Oyenera Kuwerenga Tisanadutse Malire a pa Zóbuè

Nyengo za maulendo kwathu kuno zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mwezi wa Ogasiti, anthu atakolola, pamene ena amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukaonerera mwambo wa Kulamba. Yaciwiri ndi Disembala, ana atatsekera sukulu, pamene mabanja amadutsa pa Zóbuè kukadya Khisimasi ndi abale ku Mwanza, ku Neno, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wapaulendo aliyense amakumbukira pasipoti, ndalama zosinthitsa ndi kamphatso ka azakhali. Za buku ndi ocepa amaganizako. Tsono popeza ophunzira amafunsa inu atsogoleri a makalasi kuti, "Aphunzitsi, ndadziwa kuwerenga tsopano, ndiyambe buku liti?", tiyeni tiyese mabuku angapo amene munthu angawerenge asananyamuke, tione ubwino wake ndi pamene aperewera.

Poyamba tikumbutsane cifukwa cake nkhaniyi ili yaikulu. Malire amene timadutsawa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anadula pakati anthu a cinenero cimodzi. Amishoni a Dutch Reformed anayamba nchito ku Mphatso, ku Angónia, koma boma la Apwitikizi linatseka nchitoyo mu 1922, caka comwe Buku Lopatulika linasindikizidwa. Kuyambira pamenepo mabuku a Cinyanja ankacokera kutsidya, makamaka ku Nkhoma. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ana ambiri anaphunzirira kuwerenga ku misasa monga Chifunga ndi Luwani. Mu 2015 ndi 2016 anthu ena a m'boma lino la Moatize anathawiranso ku Kapise. Conco ambiri a ife Malawi tinamudziwa titasenza mitolo pamutu. Munthu wotere akapitako ngati mlendo wa pa chuthi amapita ndi kamtima kodzicepetsa, ndipo amabwerako akukhulupirira kuti Cinyanja ceniceni ndi ca kutsidya, ife tinangobwereka. Buku loyenera wapaulendo ndi limene lingamudziwitse eni dziko, komanso kumukumbutsa kuti naye ali ndi kwawo.

Pa muyeso umenewu, buku loyamba ndi Mbiri ya Achewa la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma amene anabadwa mu 1905 namwalira mu 1976. Linatuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1973 linamasuliridwa m'Cingerezi. Ntara anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba za ulendo wa makolo, za mafuko a Phiri ndi Banda, za Kalonga, za kacisi wa mvula wa ku Msinja, ndi za mafumu amene anapatukana nakakhazika maiko awo. Wopita ku Kulamba asanyamuke asanamve nkhani zimenezi, kuopa kukangoonerera magule osadziwa kuti mafumu a maiko atatu akugwadiranji Kalonga Gawa Undi. Cinyanja cake ndi cosavuta, nkhani zake ndi zazifupizifupi, zokwanira kuwerenga imodzi pa tsiku la kalasi.

Koma bukuli lili ndi mbali imene linayang'ana. Ntara anamva mbiriyi kwa akuluakulu a cigawo ca pakati ca Malawi, ndipo mafumu a kumeneko ndiwo adzaza masamba. Wowerenga wa kuno ayenera kuwonjezerapo yekha kuti likulu la Undi, lochedwa Mano, linali m'cigawo cino ca Tete, ndipo Undi anasamukira ku Zambia m'zaka za m'ma 1930 cabe. Tikapita ku Mkaika timatsata mfumu imene makolo ake anakhala kuno zaka mazana. Aphunzitsi, mukamawerenga Ntara m'kalasi, imani pa dzina lililonse la mfumu kapena la phiri, mufunse ophunzira acikulire ngati analimvapo kwa agogo awo. Mudzadabwa ndi zimene zidzatuluke.

Buku laciwiri ndi la Ntara yemweyo, Nthondo, limene linapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afirika mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1934. Ndi nthano ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: mwana wovuta, mnyamata wa manja aatali, wopita kutali kukafuna nchito, amene potsiriza alowa ufumu wa pamudzi natembenuka mtima. Kwa wapaulendo phindu lake lili pawiri. Limaonetsa moyo wa pamudzi wa Acewa mwatsatanetsatane, maliro, milandu ya pabwalo, matenda ndi ufiti, cikamwini, zimene mlendo adzazipezabe ku midzi ya abale ake ngakhale zina zasintha. Limaonetsanso kuti ulendo pawokha susintha munthu, pakuti khalidwe limene Nthondo anacoka nalo kwawo ndi limene anafika nalo kumene anapita.

Colakwika ca Nthondo ndicinene ngakhale ndine mbusa. Kutembenuka mtima kwa munthuyu kwabwera mofulumira, ngati mlembi anali kuthamangira kufika pamene amishoni ankafuna. Masamba a moyo wa pamudzi ali ndi fungo la utsi ndi la mvula yoyamba, pamene masamba a kumapeto amamveka ngati phunziro la kalasi ya ubatizo. Amene takhala tikuweta nkhosa tikudziwa kuti mtima wa munthu sutembenuka pa tsamba limodzi. Tikumbukirenso kuti mishoni ya ku Nkhoma inkalimbana kolimba ndi nyau, ndipo Ntara analemba ali m'kati mwa mpanda umenewo. Gule wamkulu yemweyo ndi amene bungwe la UNESCO linamuika mu 2005 pa mndandanda wa cuma ca anthu onse, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Moçambique. Mkhristu angakhale ndi maganizo ake pa za gule, koma mlendo wonyoza mwambo wa amene amuphikira nsima wacita mwano.

Pa za ulemu, mabuku awiri aang'ono ndi othandiza: Kukula ndi Mwambo la John W. Gwengwe, la mu 1965, ndi Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, la miyambi ndi matanthauzo ake. Ife a ku Moatize pakamwa pathu pasakanizika Cinyanja, Cinyungwe ndi Cipwitikizi, ndipo acinyamata athu ena salinso kudziwa kupereka moni kwa apongozi kapena kukhala pansi pamaso pa mfumu. Gwengwe awakumbutsa. Vuto lake ndi lakuti amalemba ngati mwambo ndi umodzi ponseponse ndipo susuntha, pamene a ku Lilongwe, a ku Katete ndi a kuno amasiyana pa zambiri. Amene angatenge bukuli ngati lamulo akacita manyazi m'tauni ya Blantyre. Aliwerenge, koma akafika afunse eni nyumba, paja safunsa anadya phula. La Kumakanga ndi labwino kuwerenga m'basi, mwambi umodzi pakati pa siteji ndi siteji, ndipo mlendo woponya mwambi pamalo pake amalandiridwa ngati mwana wa pakhomo.

Pali mabuku enanso awiri amene si a Cinyanja, koma atsogoleri odziwa Cipwitikizi kapena Cingerezi angawasimbire makalasi awo. Awa ndi a alendo amene anadutsa kwathu kuno. António Gamitto ananyamuka pa Tete mu 1831 pamodzi ndi Major Monteiro kupita kwa Kazembe, ndipo buku lake, O Muata Cazembe, linatuluka ku Lisboa mu 1854. Analemba zambiri za Amaravi ndi Acewa, kalimidwe kawo, kusula kwawo zitsulo ndi miyambo yawo. David Livingstone anafika pa Tete mu Malichi 1856, ndipo m'buku lake la mu 1857 anachula malasha amene anaona m'mbali mwa Revúbuè ndi kamtsinje ka Moatize, malasha omwewa amene lero sitima zimawadutsitsa m'Malawi kupita ku Nacala. Tiwayamike kuti anatisungira zinthu zimene palibe wina analemba, ndipo Livingstone anadzudzula malonda a akapolo amene anawapeza kuno. Komabe maso awo anali a mlendo wofulumira. Gamitto amayesa makolo athu ndi muyeso wa kwawo, ndipo kawirikawiri amawapeza operewera. Livingstone poona mtsinje amaganiza za ngalawa za malonda. Phunziro lake kwa wapaulendo wathu ndi ili: mlendo amaona msanga zimene anabwera akuzifuna, ndipo amaweruza dziko lonse ndi masabata awiri. Amene adzabwerako nkumati "Amalawi onse ndi otere" adzakhala atacita za Gamitto.

Mau ocepa pa za kalembedwe, cifukwa apa ndi pamene ophunzira atsopano amapunthwa. Mu 1968 boma la Malawi linasintha dzina la cinenero kukhala Chichewa, ndipo malamulo a kalembedwe a mu 1973 anaika ch pamene kale pankalembedwa c. A ku Zambia anasunga c, ndipo msonkhano wa kalembedwe ka zinenero za dziko lino, umene unacitikira ku Maputo mu 1988, unasunganso c. Conco ife timalemba caka, cimanga, nchito. A ku Malawi amalemba chaka, chimanga, ntchito. Lembani mau khumi otere pa bolodi m'mizere iwiri, ophunzira awerenge mokweza, amve okha kuti pakamwa ndi cimodzimodzi. Tsiku limodzi likwana, ndipo sadzaopanso zikwangwani za pa Mwanza.

Kunena za kupezeka kwake, mabukuwa ndi osowa kuno, ndipo apa wapaulendo angathandize kalasi yake. Amene akupita ku Blantyre mumusonkhere kangacepe, akafunse m'masitolo a mabuku monga a CLAIM, ngakhalenso kwa ogulitsa mabuku akale m'misika. Buku limodzi likwanira anthu makumi awiri ngati liwerengedwa mokweza. Mumupatsenso kope ndi pensulo, alembe tsiku ndi tsiku zimene waona ndi zimene wamva, mau acilendo, mitengo ya zinthu, maina a abale amene wawapeza ndi midzi imene makolo awo anacokera kuno. Akabwerako, kope limenelo likhale phunziro la kalasi.

Mabuku onse tachulawa analembedwa ndi a kutsidya kapena ndi azungu. Mbiri ya ku Zóbuè, ya ku Nkondezi, ya ku Kaphiridzanje ndi ya ku Kambulatsitsi ikadali m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo caka ndi caka tikuwaika m'manda. Ntara anali mphunzitsi wamba wokhala ndi kope ndi makutu. Makope a apaulendo anu, ndi zimene acikulire adzanene mukamawerenga Mbiri ya Achewa, titumizireni kuno tizisindikize, kuti mlendo wocokera ku Mwanza nayenso adzapeze cowerenga asanadutse pa Zóbuè kubwera kwathu.