Nthano za Mizukwa: Linga la ku Ulaya ndi Dzenje la Chingwe

Anthu a ku Ulaya ali nazo nthano zambiri za mizukwa, ndipo zochuluka zimachitikira m'malinga a miyala momwe munkakhala mafumu akale. Buku lotsogolera nthano zotere ndi The Castle of Otranto, limene Horace Walpole wa ku England analitulutsa m'chaka cha 1764.

M'bukumo mfumu Manfred akhala m'linga losakhala lake, pakuti agogo ake anapha mwini wake, Alfonso, ndi chiphe, nalanda ufumuwo. Tsiku la ukwati wa mwana wa Manfred, chisoti chachikulu chachitsulo chinagwera mnyamatayo nichimupha. Potsiriza mzimu wa Alfonso unaonekera, makoma anagumuka, ndipo ufumu unabwerera kwa woyenera.

Bukuli lili ndi chilema chake. Zozizwitsa zachuluka koposa muyeso, kotero kuti chisoti chija chikhoza kuseketsa wowerenga m'malo momuopsa. Koma mphamvu yake ili apa: mzukwa sudzera chabe. Udzera mlandu umene amoyo anaukwirira. Akulu anati mlandu suola.

M'chigwa cha Domasi mulibe malinga otere, koma anthu ake amakhala m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo phiri ndilo linga lawo la mizimu. Pamwamba pa phiri la Zomba, cha kumadzulo, pali Dzenje la Chingwe. Akulu amasimba kuti kale anthu ankaponyedwamo: ena amati anali adani a mafumu, ena amati anali akhate. Nthano imeneyi iposa ya Walpole pa chinthu chimodzi: siifuna zodabwitsa zambiri. Dzenje lamdima ndi anthu osaikidwa m'manda ndi abale awo, zimenezo zokha zikwanira kugwira mtima.

Mlembi Jack Mapanje anaiona mphamvu imeneyi. M'buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, la 1981, analemba za dzenjeli, ndipo ambiri anamva kuti akunenanso za anthu amene ankasowa m'masiku a ulamuliro wa chipani chimodzi. Iye mwini anatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu, m'boma lomwelo la Zomba, kuyambira 1987 kufikira 1991, osazengedwa mlandu.

Tsono munthu amene wangophunzira kuwerenga asanyoze nthano za mizukwa, ndiponso asazimeze zonse. Azifunsa mafunso awiri: kodi wakufayo analakwiridwa chiyani, ndipo ndani anapindula ndi imfa yake? Nthano yosayankha mafunsowa ndi yoopsezera ana basi. Koma yoyankha bwino iyenera kulembedwa, nkhalamba zoidziwa zisanapite nayo kumanda.